Musanagwetse mlatho, tiuzeni powolokera

Nkhani ya misewu ikabuka mu Lusaka, kaya ndi pa wailesi kaya pa Facebook, amene amamveka kwambiri ndi eni magalimoto. Amadandaula za jamu ya pa Kafue Road m'mawa, za maloboti amene amafa magetsi akazima, za maenje amene amatha matayala. Zonsezo n'zoona. Koma m'makomboni muli funso lina limene limabuka nthawi zonse anthu akamva kuti mlatho wa pangalande ugwetsedwa kuti pamangidwe watsopano, ndipo kawirikawiri amalifunsa ndi amayi: nanga ana azidzera kuti popita kusukulu? Akuluakulu ambiri akalimva amaliyesa kung'ung'udza kwa anthu osayamika chitukuko. Ine ndikuti limenelo ndilo funso loyamba limene injiniya ayenera kuyankha makina okumba asanafike, ndipo ngati yankho palibe, ntchito iyambe yadikira.

Kuti milatho yambiri ya mumzinda muno ikufunika kusinthidwa, sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Ina inamangidwa pamene tsidya linalo kunali nyumba zowerengeka ndi minda ya chimanga. Ndi yopapatiza moti magalimoto awiri akakumana, woyenda pansi amachita kukanirira m'mphepete. Makalavati ake ndi aang'ono, amatsekeka ndi mabotolo ndi mapulasitiki, ndipo mvula ikagwa yamphamvu madzi amadutsa pamwamba. Zitsulo zogwirira zinapita kalekale. Pena simenti inagumuka, mawaya a mkati ali poyera. Mlatho wotere ukasiyidwa udzagwa wokha, mwina pamwamba pake pali basi. Agwetseni, amangeni bwino. Mkangano wanga uli pa miyezi ya pakati, kuchokera tsiku limene wakale wagwa kufika tsiku limene watsopano watsegulidwa, chifukwa m'miyezi imeneyo ndi mmene anthu amavulala.

Zimene zimachitika ambiri tinazionapo. Tsiku lina m'mawa mumapeza msewu watsekedwa ndi malata ndi migolo. Pali chikwangwani chokhala ndi muvi wouza madalaivala kopatukira. Muviwo umaloza m'kamsewu ka fumbi ka m'kati mwa komboni, kamene dzulo lake ana amasewereramo mpira, amayi amayalamo tomato ndi kapenta, agogo amakhala pakhonde n'kumaothera dzuwa. Lero m'kamsewu komweko mukudutsa maminibasi othamangira kukadzaza ulendo wina, matipa a mchenga, malole a mabuloko. Mulibe mahampu, mulibe nyali, mulibe munthu wa mbendera. Makomo a nyumba zambiri amatsegukira mumsewu mwenimwenimo, ndiye mwana wa zaka zitatu akangotuluka pakhomo wafika kale pamene pakudutsa tayala. Madalaivala aganiziridwa, apatsidwa njira. Eni kamsewu sanafunsidwe.

Woyenda pansi ndiye alibe n'komwe muvi wake. Kuti atsate njira ya magalimoto ndiye kuti azungulire mtunda wautali, ndipo munthu amene wasenza beseni la masamba kuchokera ku msika wa Soweto sangazungulire. Amatsikira m'ngalande momwemo. Kwathu, pamene mlatho wina waung'ono unagwetsedwa, anthu ankawoloka pa paipi ya madzi imene inatsala italenjekeka pakati pa magombe awiri. Ndinaima tsiku lina n'kuona mayi wina akuwoloka. Anayamba wavula masilipasi n'kuwaika m'beseni, anamangitsa chitenje cha mwana kumbuyo, kenako anaponda paipiyo chammbali, phazi limodzi kutsata linzake, dzanja limodzi lili pa beseni, linalo litatambasuka. Pansi pake madzi akuda akuthamanga, mawaya a konkire yogumulidwa ataloza kumwamba. Kumbuyo kwake kunali ana asukulu atandanda, akudikira kuti iye afike. Patapita masiku anyamata ena anayala matabwa n'kuyamba kulipiritsa aliyense wowoloka. Anthu anakwiya nawo, koma ine mkwiyo wanga unapita kwina: anyamata aja anachita ndi matabwa ochepa chimene kontrakitala wa ntchito ya ndalama zambiri akanachita tsiku loyamba.

Mukadandaula, yankho limabwera ndi mwambi: walira mvula walira matope. Munafuna mlatho, pirirani. Mwambiwo ndi wabwino, koma apa ukugwiritsidwa ntchito molakwika. Matope amene tingapirire ndi fumbi, phokoso la makina, ulendo wotalikirako, basi yochedwa. Mwana kugwera m'ngalande kapena kugundidwa ndi tipa pakhomo pa nyumba ya makolo ake si mtengo umene munthu anavomera pamene ankapempha mlatho. Ndipo ngozi zotere zimadziwika zisanachitike. Aliyense amene anaimapo pa malo a ntchito yotere kwa ola limodzi m'mawa angathe kuloza pamene padzagwe munthu.

Kuti timvetse chifukwa chake kutseka mlatho umodzi kumapweteka chonchi, tiyenera kukumbukira mmene Lusaka anakhalira. Mzindawu unakhala likulu mu 1935, ndipo anaukonzera anthu ochepa, okhala m'mayadi otakasuka. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Njanji inadula mzinda pakati, ndipo pakati pa tauni magalimoto amaidumpha pa milatho yowerengeka: wa pa Great East Road pafupi ndi Kabwe Roundabout, wa pa Church Road, ndi wa pa Independence Avenue pafupi ndi Kafue Roundabout. Misewu ikuluikulu yochokera ku Kabwe, ku Chipata, ku Kafue ndi ku Mumbwa yonse imathira m'tauni. Kuwonjezera apo, malo ake ndi athyathyathya, ndipo kumadzulo ndi kummwera, ku Kanyama, ku John Laing, ku Misisi, ku Chawama, pansi pali mwala wa laimu ndipo madzi ali pafupi. Mvula ikagwa madzi alibe kothawira. N'chifukwa chake mzindawu umadalira ngalande. Ngalande yaikulu ya Bombay inakonzedwa ndi thandizo la dziko la America kudzera ku bungwe la Millennium Challenge, pa mgwirizano wa madola pafupifupi 355 miliyoni umene unayenda kuyambira 2013 mpaka 2018, ndipo inathandiza. Koma ngalande iliyonse imagawa anthu pawiri: sukulu tsidya lino, ana tsidya lija, chipatala uku, odwala uko. Pamene pali powolokera pamodzi pokha, pamenepo ndi pamene pamadutsa moyo wa komboni yonse.

Ife a kummawa timaudziwa mlatho wa Luangwa, uja unamangidwa mu 1968. Aliyense wopita ku Nyimba, ku Petauke, ku Katete kapena ku Chipata amadutsa pamenepo. Palibe boma limene lingautseke osakonza kaye mmene mabasi ndi malole aziwolokera, chifukwa dziko lonse lingafuule. Kwa mayi wa m'komboni amene mwana wake wadwala usiku, kamlatho ka pangalande kali ndi kulemera komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti kufuula kwake sikufika kutali.

Sindikufuna kunyoza ntchito zazikulu zimene zachitika. Ntchito yochepetsa jamu imene inayamba mu 2018, yogwiridwa ndi kampani ya ku India ya Afcons ndi ngongole ya ku India komweko, inatipatsa milatho ya flyover ku Makeni, ku Arcades, ku Munali ndi ku Longacres. Amene ankakhala nthawi yaitali pa Munali Roundabout madzulo akudziwa kuti zinthu zinasintha. Misewu inakula, ina inalowa phula kwa nthawi yoyamba. Koma msewu ukakula n'kusalala, liwiro limakwera, ndipo liwiro ndilo limapha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola kapena kucheperapo, mwa anthu khumi pafupifupi asanu ndi anayi amapulumuka. Liwiro likafika makilomita 45 pa ola, opulumuka safika theka. Kusiyana kwa makilomita 15 kumeneko dalaivala sakumva n'komwe ali m'kati mwa galimoto. Bungwe lomwelo limati ngozi zapamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse. Kuno kwathu, ziwerengero za apolisi m'zaka zaposachedwapa zakhala zikuonetsa anthu oposa 2,000 akufa pamsewu pachaka, chigawo cha Lusaka chikutsogola pa kuchuluka kwa ngozi, ndipo gulu lalikulu mwa akufawo ndi oyenda pansi. Anthu amenewa analibe galimoto. Ambiri a iwo sanagwirepo chiwongolero moyo wawo wonse.

Apa wina adzati: oyenda pansi nawonso ndi osasamala. Boma linamanga milatho yowolokerapo pa yunivesite ya UNZA ndi pa mashopu a Manda Hill, koma anthu amadutsabe pansi, kudumpha zotchinga, kuthamanga pakati pa magalimoto. Zimenezi zimachitikadi, ndipo mnyamata wamphamvu zake amene amasiya mlatho uli pompo n'kulowa mumsewu foni ili kukhutu sindimuikira kumbuyo. Komabe taonani amene amauzemba mlathowo. Pali wokankha wilibala yodzaza matumba, amene sangakwere masitepe. Pali wanjinga ya makala. Pali agogo a mawondo otupa, mayi woyembekezera, munthu wa pa njinga ya olumala. Pali mtsikana amene akuweruka ntchito usiku, amene amaopa kukwera pamwamba popanda nyali kumene sangathe kuthawa wina akamutsekera njira. Ndiponso milatho yotereyi ndi yotalikirana, pamene anthu amafuna kuwoloka pamene basi yawatsitsa, pamene pali msika, pamene pali geti ya sukulu. Munthu amawoloka pamene miyendo yake yamufikitsa. Injiniya wanzeru amapita kukaona pamene udzu unafa chifukwa cha mapazi, pamene mpanda unabooledwa, n'kuika powolokera pamenepo, pokwezeka pang'ono kuti galimoto ikakamizike kutsika liwiro. Mizere yoyera yokha siimitsa galimoto mu Lusaka, ndipo tonse tikudziwa.

Za madalaivala a maminibasi zimanenedwa zambiri, ndipo zambiri mwa izo n'zoona: kuima paliponse, kukwera m'mbali mwa msewu mmene muyenera kuyenda anthu, kupikisana kuti afike msanga pa siteji pamene angwang'wazi akuitanira. Chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti dalaivala amadzuka ali kale ndi ngongole ya ndalama ya tsiku imene mwini basi akuidikira madzulo, ndipo zake zimayamba kuwerengedwa imeneyo ikakwana. Njira yopatukira ikamuchedwetsa, nthawi yotayikayo amakaibweza m'kamsewu ka m'komboni kaja. Kumulalikira sikudzamusintha. Hampu yomangidwa bwino imamusintha tsiku lomwelo, ndipo wapolisi woima pamene pali ana, osati pamene pali pobisalira, amamusintha koposa.

Ndiye udindo ndi wa yani? Apa ndi pamene anthu amatopera. Kuyambira pa malamulo a 2002, ntchito ya misewu inagawidwa: pali mabungwe atatu a boma, RDA imayang'anira kumanga ndi kukonza misewu, RTSA imayang'anira chitetezo, ziphaso ndi magalimoto, NRFA imasunga ndalama. Misewu ya m'kati mwa mzinda ili m'manja mwa khonsolo, ndipo apolisi ali ndi gawo lawo. Kugawa ntchito kotere kuli ndi nzeru yake, koma kwa munthu wamba amene akufuna kudziwa kuti thabwa lowolokerapo aike ndani, kumasanduka ulendo wa ofesi ndi ofesi. Uku amati msewuwo si wathu, uko amati kontrakitala si wathu, kontrakitala amati m'pangano mulibe zimenezo. Mawu otsirizawa ndiwo ofunika kuwamvetsa. Kontrakitala amagwira chimene chalembedwa ndi chimene chili ndi mtengo wake. Ngati pangano silinatchule mlatho wongoyembekezera wa oyenda pansi, nyali za usiku, anthu a mbendera pa nthawi yopita ndi yoweruka kusukulu, galimoto yothira madzi pa fumbi, ndi kukonzanso kamsewu kopatukira ntchito ikatha, ndiye kuti zimenezo zidzachitika pokhapokha iye atakhala wachifundo. Chitetezo cha ana athu chisamadalire chifundo cha munthu amene akuwerengera phindu. Chilembedwe, chikhale ndi mtengo, ndipo woyang'anira ntchito asasaine malipiro ngati sichinachitike.

Adzati ndalama n'zochepa. Dziko lino ladutsadi m'mavuto a ngongole, ndipo palibe amene sakudziwa. Koma yerekezani mtengo wa kamlatho ka zitsulo ndi matabwa, kokhala ndi zogwirira mbali zonse, ndi mtengo wa mlatho wonse wa konkire. N'kachigawo kakang'ono, ndipo ntchito ikatha kamlathoko kangathe kunyamulidwa kukagwira ntchito pena. Yerekezaninso ndi zimene banja limataya munthu akagona kuchipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa mwendo uli pa chitsulo: ntchito yaima, lendi ikudikira, wina wasiya geni yake kuti azidikirira wodwala. Ndalama imeneyo imalipidwa ndithu, kungoti amalipira ndi osauka, mwakachetechete. Ndipo tisaiwale kuti woyenda pansi nayenso amasonkha za misewu. Msonkho wa pa mafuta ndi ndalama za pa mageti a Katuba, Shimabala ndi Chongwe zimalowa mu mtengo wa basi, wa thumba la ufa, wa tomato wochokera kumunda. Amene alibe galimoto amalipira msewu nthawi iliyonse akagula chakudya.

Palinso ndalama ya CDF, ya chitukuko cha m'madera a aphungu, imene mu 2022 inakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense ndipo inakweranso m'zaka zotsatira. Makomiti a chitukuko a m'mawodi ndiwo khomo limene zopempha za anthu zimalowera. A khansala athu, inu amene mumabwera pa maliro athu ndipo mumadziwa ngalande iliyonse ya m'wodi mwanu ndi dzina lake, nkhani ya powolokera ndi yanu musanaitumize kwina. Mahampu pa geti ya sukulu, nyali pa mlatho, kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwa msewu wopita kumsika, zimenezi sizioneka bwino pa chithunzi ngati nyumba yatsopano yodulidwa riboni, koma ndi zimene anthu adzakukumbukirani nazo. Lamulo loti pafupi ndi sukulu galimoto isapitirire makilomita 30 pa ola lilipo kale m'dziko muno. Pa masukulu ambiri a m'makomboni palibe ngakhale chikwangwani chouza dalaivala zimenezo.

Ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo ndiinena mosabisa. Zinyalala zimene zimatseka makalavati sizigwa kumwamba. Zitsulo zogwirira pa milatho ndi zivundikiro za maenje a ngalande zimazulidwa usiku n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo ozula ake amagona m'nyumba zathu zomwezi. Kanjira ka oyenda pansi kakangomangidwa, mawa lake pali kantemba, kapena galimoto ya munthu yaimikidwapo tsiku lonse, ana n'kubwereranso mumsewu. Wogulitsa akufuna kudyetsa ana, ndikumvetsa, ndipo khonsolo iyenera kumupezera malo m'malo momuthamangitsa chabe. Koma ngati tipempha mlatho wa zogwirira, tiyeneranso kukhala anthu amene angaimitse mnansi wawo akabwera ndi sowo usiku. Ngakhale zili choncho, kulakwa kwa wakuba chitsulo sikuchotsa udindo wa amene akugwetsa mlatho. Mwana wa giredi 2 amene akuwoloka pa paipi sanabe chitsulo cha munthu.

Chimene ndikupempha n'chapafupi. Ntchito yosintha mlatho isanayambe, pakhale msonkhano pamalo pomwepo, osati ku holo ya kutali, ndipo ukhale pa tsiku limene amayi a geni ndi aphunzitsi angathe kubwera. Anthu afunsidwe kumene ana amadzera, kumene maliro amadzera popita kumanda, kumene galimoto yonyamula wodwala ingalowere usiku. Amenewa amadziwa zimene mapu sasonyeza: kuti kamsewu kakuti kamasanduka dziwe mu Januwale, kuti pa ngodya yakuti pali sukulu ya mkaka imene ilibe chikwangwani. Powolokera pa oyenda pansi pamangidwe, payesedwe, anthu ayambe kudutsapo, ndipo pokhapo makina akhudze mlatho wakale. Kamsewu kopatukira kalandire mahampu ndi nyali magalimoto asanalowemo, ndipo malole olemera apatsidwe njira ina ngakhale ikhale yotalika.

Nyengo nayonso iganiziridwe. Mvula ya kuno imayamba cha mu Novembala n'kutha cha mu Epulo, ndipo zimenezi sizidabwitsa munthu. Mlatho wa pangalande wogwetsedwa mu Okutobala ndiye kuti anthu adzawoloka madzi osefukira dzinja lonse, madzi amene m'makomboni ambiri amasakanikirana ndi za m'zimbudzi. Amene anaona kolera wa 2017 ndi 2018, ndi uja wa 2023 ndi 2024 pamene bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, sangaone madzi amenewo ngati nkhani ya kunyowa miyendo chabe. Ntchito zotere ziziyamba mvula ikangotha, kuti pofika dzinja lina konkire ikhale itauma.

Ndipo pa malo a ntchito pakhale chikwangwani cholembedwa m'chinenero chimene anthu a pamenepo amawerenga, chonena tsiku loyamba, tsiku lomaliza, dzina la ofesi imene yapereka ntchitoyo, ndi nambala imene munthu angaimbe thabwa likathyoka kapena nyali ikafa. Tsiku lomaliza likadutsa ntchito isanathe, wina abwere adzafotokoze chifukwa chake pamaso pa anthu, ndipo anene tsiku latsopano.